Heraclius, Mfumu Yotsiriza ya Aroma Kumenyana ndi Aperisi

Pa mitundu yonse ya anthu imene inalimbana ndi Aroma, panalibe mtundu wina umene unawasautsa nthawi yaitali monga anthu a ku Persia, dziko limene masiku ano lichedwa Iran. Udani umenewu unayamba Kristu asanabadwe. M'caka ca 53 B.C., pamene dzikolo linali m'manja mwa mafumu a Parthia, kazembe wina wa Aroma wolemera kwambiri, dzina lake Crassus, anaoloka mtsinje wa Euphrates ndi khamu lalikulu la nkhondo, nakagonjetsedwa ku Carrhae, osabwerakonso. M'caka ca 260 A.D. mfumu Shapur I inagwira Valerian, mfumu ya Aroma, ali wamoyo, ndipo Valerian anafera m'manja mwa adani ake. Mu 363 mfumu Julian inalasidwa ndi mkondo pobwerera kucokera ku Ctesiphon, likulu la Aperisi, nifa ndi bala lomwelo. Anamenyana cotero zaka pafupifupi 700, namalandana mizinda yomweyomweyo ya m'malire, koma malirewo sanasunthe kwenikweni. Nkhondo yotsiriza, imenenso inaposa zonse kukula kwake, inayamba mu 602 ndi kutha mu 628, ndipo amene anaitsiriza ndiye Heraclius.

Ana a sukulu amasokonezeka kawirikawiri akamva za Aroma a nthawi imeneyi, pakuti amayesa kuti ufumu wa Roma unatha mu 476. Cimene cinatha caka cimeneco ndi cigawo ca kumadzulo cokha. Cigawo ca kum'mawa cinakhalabe, ndipo likulu lake linali Constantinople, mzinda umene lero uchedwa Istanbul m'dziko la Turkey. Anthu ake ambiri analankhula Cigriki, koma iwo eni anadzichula Aroma, ndipo adani ao anawachulanso motero. Ufumuwo unali ndi Asia Minor, Syria, Palestine, Egypt, ndi maiko ena a kumpoto kwa Africa.

Heraclius anabadwa ca m'ma 575. Atate wake, amenenso dzina lao linali Heraclius, anali kazembe wa nkhondo amene anamenyanapo ndi Aperisi m'masiku a mfumu Maurice, ndipo atakalamba anaikidwa kukhala wolamulira wa ku Carthage, pafupi ndi Tunis wa lero. Za ubwana wa mwanayo olemba akale sanasamale kuzilemba. Iye aonekera m'mbiri ali kale munthu wamkulu wa zaka zoposa 30, ndipo cimene cinamturutsa poyera ndi mwazi umene unakhetsedwa ku Constantinople.

Nkhani yake inayenda motere. Mu 590 mfumu ya Aperisi, Khosrow II, ikali mnyamata, inalandidwa ufumu ndi kazembe wake, nithawira kwa Aroma. Maurice anailandira, naipatsa asilikari, ndipo mu 591 Khosrow anabwerera pa mpando wake. Pothokoza anapereka kwa Aroma gawo lalikulu la Armenia, ndipo kunali mtendere zaka zoposa khumi. Koma mu 602 asilikari a Maurice amene anali ku mtsinje wa Danube anapanduka, cifukwa mfumu inawalamula kuti akakhale tsidya lija la mtsinje nyengo yonse ya cisanu, m'dziko la adani. Anasankha msilikari wa udindo waung'ono, dzina lake Phocas, namlonga ufumu. Phocas anapha ana aamuna asanu a Maurice pamaso pa atate wao, natsiriza ndi kupha Maurice mwini. Khosrow atamva izi analengeza kuti adzalipsira imfa ya munthu amene anamcitira cifundo, natumiza magulu ake a nkhondo kuoloka malire.

Phocas analamulira zaka zisanu ndi zitatu mwankhanza, akupha akuluakulu a kwao pamene mizinda ya m'malire inali kugwa umodziumodzi. Mu 608 wolamulira wa ku Carthage uja anamuukira. Popeza iye anali wokalamba, anatuma mwana wa mbale wake, Nicetas, kuti akalande Egypt podzera pamtunda, ndi mwana wake Heraclius kuti apite ndi zombo ku Constantinople. Zombozo zitafika, anthu a mumzinda anamtaya Phocas, namgwira ndi kumpereka, ndipo anaphedwa. Pa 5 October 610 Heraclius anabvekedwa cisoti caufumu, ndipo tsiku lomwelo anakwatira Eudokia.

Tsono ngati Khosrow akadafunadi kulipsira Maurice yekha, nkhondo ikadathera pomwepo, pakuti wakupha uja anali atafa. Heraclius anapempha mtendere, koma Khosrow anakana. Anali atalawa kupambana, ndipo anaona kuti nthawi yafika yakuti ufumu wa Aroma uthe psiti.

Zaka khumi zoyamba za Heraclius zinali za tsoka lokhalokha, ndipo munthu wowerenga mbiri ya zaka zimenezi sangaganize kuti mfumu yomweyi idzachuka pambuyo pake. Antioch anagwa. Mu 613 Heraclius anapita yekha kukamenyana ndi Aperisi pafupi ndi mzindawo, nagonjetsedwa, ndipo Damascus anatengedwa caka comweco. Mu 614 kazembe wamkulu wa Aperisi, Shahrbaraz, anazinga Jerusalem pafupifupi milungu itatu, naboola malinga ake. Akristu ambirimbiri anaphedwa, nyumba za mapemphero zinatenthedwa, ndipo otsala anatengedwa ukapolo pamodzi ndi bishopu wao wamkulu, Zacharias. Aperisi anatenganso cinthu cimene Akristu a nthawi imeneyo anaciyesa copatulika koposa zonse, ndico mtengo umene anakhulupirira kuti ndi cidutswa ca mtanda weniweni wa Kristu. Mu 615 gulu lina la Aperisi linafika ku Chalcedon, pa gombe loyang'anana ndi Constantinople, kotero kuti anthu a mumzinda anatha kuona moto wa misasa ya adani tsidya lija la madzi. Akuluakulu a mzindawo anatumiza amithenga atatu kwa Khosrow ndi kalata yodzicepetsa kwambiri. Khosrow anawatsekera m'ndende, ndipo sanabwerekonso.

Kenaka nkhondo inalowa m'Egypt, ndipo Alexandria anagwa mu 619. Ici cinali coopsa kuposa kutaya mzinda wamba, cifukwa Egypt ndiye anali nkhokwe ya ufumu wonse. Kwa zaka pafupifupi 300 zombo zinali kubwera ndi tirigu wa ku Nile, ndipo anthu a ku Constantinople anali kulandira mkate waulere. Mu 618 mwambo umenewu unalekeka. Kumpoto nakonso Aavar ndi Asilavu anali atasefukira m'maiko a Balkan. Msonkho unacepa, malipiro a anchito a boma anadulidwa pakati, ndipo olemba akale asimba kuti Heraclius anaganiza zosiya mzindawo ndi kusamukira kwao ku Carthage, koma bishopu wamkulu Sergius anamletsa.

Sergius ameneyu ayenera kukumbukika pamodzi ndi mfumu yake. Iye anabvomera kuti zotengera za golidi ndi siliva za m'nyumba za mapemphero, ndi zoikapo nyali zomwe, zisungunulidwe ndi kusulidwa ndalama zolipirira asilikari, monga ngongole imene boma lidzabweze nkhondo ikadzatha. Ndi cuma cimeneci Heraclius anasonkhanitsa otsala a magulu ake obalalika. Pa April 622, atatha mapemphero a Paskha, anacoka mumzinda kukatsogolera nkhondo iye mwini, cinthu cimene mafumu a Aroma anali atacisiya kwa zaka pafupifupi 200, pakuti anazolowera kukhala kunyumba yacifumu ndi kutuma akazembe. Anatha miyezi yambiri akuphunzitsa asilikari, kuwagawa magulu awiri ndi kuwayesetsa nkhondo okhaokha, kufikira anthu amene anazolowera kuthawa anayambanso kuima. Caka cisanathe anapambana Aperisi kwa nthawi yoyamba. Koma anayenera kubwerera msanga cifukwa ca Aavar. Mfumu yao inamuitana ku msonkhano wa mtendere ku Thrace, itamchera msampha, ndipo Heraclius anapulumuka pa kavalo atabvala zobvala za munthu wamba, cisoti cake caufumu ciri m'khwapa. Ngakhale anacitidwa cipongwe cotere, anameza mkwiyo wake, nabvomera kulipira Aavar ndalama zagolidi 200,000 caka ndi caka, kuti asamenye nkhondo ziwiri nthawi imodzi.

Nzeru imene inatembenuza nkhondo yonse inaoneka mu 624. Munthu wina akadayamba ndi kulanditsa Syria ndi Egypt, kumene magulu akulu a Aperisi anali atakhazikika. Heraclius anawasiya komweko. Akulu amati kupha njoka n'kudula mutu, ndipo iye analunjika kumutu. Anadzera kumpoto, m'mapiri a Armenia, dziko la Akristu kumene anatha kupeza anthu omthandiza, natsikira m'dziko la Persia lenilenilo, kumene kunalibe amene anamuyembekezera. Khosrow anali ku Ganzak, ndipo atamva kuti Aroma ayandikira anathawa. Pafupi ndi pamenepo panali kacisi wamkulu wa moto. Aperisi anatsata cipembedzo ca Zoroaster, ndipo m'makacisi ao ansembe anasunga moto wopatulika wosazima usana ndi usiku. Moto wa pamalo amenewa unali wa mafumu ndi ankhondo. Heraclius anaononga kacisiyo, ndipo palibe amene anakaika kuti anali kubwezera za ku Jerusalem. Kuyambira pamenepo mbali zonse ziwiri zinali zitakhudza zopatulika za anzao, ndipo nkhondo yotere siitha msanga.

Khosrow anatuma magulu atatu kuti amtsekereze. Caka conse ca 625 Heraclius anayendayenda pakati pao m'mapiri, osalola kuti akomane pamodzi, namenya liri lonse palokha. Usiku wina m'nyengo ya cisanu anagwera msasa wa Shahrbaraz pafupi ndi nyanja ya Van, ndipo kazembe wamkuluyo anathawa wosabvala bwino, nasiya zida zake ndi banja lake.

Ciyeso cacikulu cinadza mu 626. Khosrow anapangana ndi Aavar kuti akanthe Constantinople mbali zonse ziwiri. Shahrbaraz anafika ku Chalcedon, ndipo mfumu ya Aavar inadza ku malinga a kumtunda ndi anthu amene wolemba wina wa nthawiyo anawawerenga 80,000. Colinga cinali cakuti Heraclius acite mantha, asiye mapiri, athamangire kwao. Mumzindamo munali mwana wake Constantine, mnyamata wa zaka 14. Heraclius sanabwerere. Anatumiza gawo lina la asilikari ake ndi makalata olangiza za kakonzedwe ka malinga, nasiya mzindawo m'manja mwa Sergius ndi nduna ina yochedwa Bonus. Mzindawo ukadagwa, mbiri ikadamuyesa munthu wotaya anthu ake. Koma iye anadziwa cinthu cimodzi cimene adani ake sanaciganizire bwino, ndico cakuti Aperisi analibe zombo. Pakati pa iwo ndi mzinda panali madzi opapatiza a Bosphorus, ndipo pamadzipo panali zombo za Aroma. Asilavu anayesa kuolotsa Aperisi m'mabwato ao osema pa mtengo umodzi, koma anamizidwa. Masiku khumi Aavar anaponya miyala ndi makina ndi kukankhira nsanja zamatabwa ku malinga, pamene Sergius anali kuyenda pamwamba pa malingawo atanyamula cithunzi copatulika, akulimbikitsa anthu. Pa 7 August mabwato a Asilavu anaonongedwa m'doko la Golden Horn, ndipo Aavar anatentha makina ao nabwerera kwao, Aperisi akungoyang'ana tsidya lina. Caka comweco Theodore, mbale wa Heraclius, anagonjetsa gulu lina la Aperisi m'Asia Minor.

Pamenepo zinthu zinayamba kumuipira Khosrow. Panabuka kusakhulupirirana pakati pa iye ndi Shahrbaraz, ndipo olemba akale asimba kuti Aroma anagwira kalata ya mfumu yolamula kuti kazembeyo aphedwe, namuonetsa mwini wake. Cimene ciri coona ndi cakuti Shahrbaraz sanasunthenso kukathandiza mbuye wake. Heraclius anapangananso ubwenzi ndi Aturki a kumpoto kwa mapiri a Caucasus, nakomana ndi mtsogoleri wao kunja kwa mzinda wa Tiflis, umene lero ndi Tbilisi, namlonjeza mwana wake wamkazi. Kumapeto kwa 627, nyengo imene ankhondo anazolowera kupuma, anatsikira kumwera kulowa m'Mesopotamia, ndiye Iraq wa lero. Pa 12 December, pa cigwa ca pafupi ndi mabwinja a Nineveh, mzinda wakale uja wa mneneri Yona, anakomana ndi kazembe Rhahzadh m'mawa wa nkhungu. Anamenyana tsiku lonse. Rhahzadh anaphedwa, ndipo mfumu ya Aroma, munthu wa zaka zoposa 50, inabvulazidwa pamlomo iri pakati pa nkhondo.

Njira inatseguka. Khosrow anathawanso ku nyumba yake yokondedwa ya ku Dastagird, ndipo Aroma polowamo anapeza silika, tsabola, shuga, mitengo yonunkhira, nthiwatiwa ndi mikango yosungidwa m'makola, ndiponso mbendera 300 za Aroma zimene zinalandidwa m'nkhondo zakale. Anatentha nyumbayo. Heraclius sanazinge Ctesiphon, pakuti milatho ya pa ngalande yaikulu yochinga mzindawo inali itadulidwa. Anabwerera kumapiri, nadikira. Sanadikire nthawi yaitali. Akuluakulu a Persia, otopa ndi nkhondo ndi msonkho, anapangana ndi mwana wa mfumu, Kavad, ndipo kumapeto kwa February 628 Khosrow anagwidwa ndi kuphedwa. Kavad anapempha mtendere pomwepo. Kalata ya Heraclius yonena za cigonjetso inawerengedwa m'nyumba yaikulu ya mapemphero ya Hagia Sophia pa tsiku la Pentekoste, 15 May 628.

Heraclius sanafune dziko latsopano. Anangofuna kuti malire abwerere pamene anali nkhondo isanayambe, kuti andende amasulidwe, ndi kuti mtanda ubwezedwe. Zaka 26 za mwazi zinathera pa mzere womwe uja wakale. Mu 629 anakomana ndi Shahrbaraz, napangana kuti Aperisi acoke m'Egypt ndi m'Syria, ndipo pa 21 March 630 Heraclius analowa m'Jerusalem atanyamula mtanda uja. Nthano ya m'zaka za pambuyo pake imati anabvula zobvala zacifumu nalowa wopanda nsapato. Mipingo imene imasunga cikondwerero ca Mtanda pa 14 September imakumbukiranso za kubwezedwa kumeneku. Akadamwalira caka cimeneco, dzina lake likadaima pamodzi ndi akazembe opambana onse a m'mbiri ya Roma.

Koma anakhalanso ndi moyo zaka 11, ndipo maiko amene analanditsa sanali monga anawasiya. Mosungira cuma munalibe kanthu, ngongole ya mpingo inali kudikira, ndipo ku Syria ndi Palestine kunali anyamata amene anakula osaonapo ulamuliro wa Aroma. Akristu ambiri a ku Syria ndi Egypt anali atapatukana ndi mpingo wa ku Constantinople kuyambira pa msonkhano wa ku Chalcedon wa mu 451, pa nkhani ya umunthu ndi umulungu wa Kristu. Heraclius ndi Sergius anayesa kuwayanjanitsa ndi ciphunzitso capakati, cakuti mwa Kristu muli cifuniro cimodzi, cimene cinalengezedwa mu 638. Sicinakondweretse mbali iri yonse, ndipo cinatsutsidwa pa msonkhano wa mu 680 ndi 681. Ku Egypt bishopu Cyrus, amene mfumu inamtuma, anazunza okana kubvomera, kotero kuti mtsogoleri wao Benjamin anabisala zaka zoposa khumi. Ayuda naonso analangidwa kolimba cifukwa ena a iwo anathandiza Aperisi mu 614, ndipo mu 632 panaturuka lamulo lakuti abatizidwe mokakamiza. Izi ndi zipsera pa mbiri yake zimene sizingabisike. Munthu amene anadziwa kupirira cipongwe ca Aavar cifukwa ca nzeru sanaonetse kupirira komweko kwa anthu a m'dziko lake.

Caka comwe cija ca 622, pamene Heraclius anali kuphunzitsa asilikari ake, Muhammad anasamuka ku Mecca kupita ku Medina. Mafumu awiri akuluwo analibe nthawi yoganizira za cipululu ca Arabia. Muhammad anamwalira mu 632, mafuko a Aluya atagwirizana pansi pa Cisilamu, ndipo posacedwa magulu ao anaonekera m'malire a maufumu onse awiri. Mu 634 anagonjetsa Aroma ku Ajnadayn m'Palestine. Heraclius, wokalamba ndi wodwala, sanathenso kutsogolera yekha. Anasonkhanitsa khamu lalikulu nalipereka kwa akazembe ake, ndipo mu August 636 khamulo linaonongedwa pa mtsinje wa Yarmouk. Mfumu inamva mbiriyo iri ku Antioch, nicoka m'Syria osadzabwerakonso. Mtanda uja unatumizidwa ku Constantinople, ndipo ca m'ma 638 bishopu Sophronius anapereka Jerusalem kwa Umar. Aperisi zinawaipira koposa. Kavad anafa ndi mliri atalamulira miyezi yocepa, atapha kale abale ake, ndipo m'zaka zinai mpando waufumu unapita m'manja ambiri, awiri a iwo akazi. Ctesiphon anagwa mu 637, ndipo mfumu yao yotsiriza, Yazdegerd III, inaphedwa ikuthawa pafupi ndi Merv mu 651.

Cinthu cimodzi Heraclius anacicita bwino m'masiku oipawo. Sanataye asilikari otsala poyesa kulanditsanso Syria, koma anawabweza kuseri kwa mapiri a Taurus kuti acinjirize Asia Minor. Kumeneko Aluya analephera kukhazikika, ndipo ufumu wa Aroma, ngakhale unacepa, unakhalabe kufikira 1453.

Masiku ake otsiriza anali acisoni. Atafika pa gombe la Bosphorus anagwidwa ndi mantha a madzi, iye amene anadza ku ufumu ndi zombo, nakhala nthawi yaitali ku nyumba ya ku Hieria osafuna kuoloka. Wolemba wina asimba kuti anammangira mlatho wa ngalawa, nauchinga ndi nthambi za mitengo mbali zonse kuti asaone nyanja, ndipo anaoloka pa kavalo. Thupi lake linatupa ndi nthenda ya madzi. Anthu ananong'onezana kuti Mulungu ali kumlanga cifukwa ca ukwati wake waciwiri, pakuti Eudokia atamwalira mu 612 iye anakwatira Martina, mwana wa mlongo wake, mkazi amene anamtsata m'misasa ya nkhondo koma amene anthu sanamkonde konse. Ena mwa ana ao anabadwa olemala, ndipo ena anafa ali aang'ono.

Anamwalira pa 11 February 641, Aluya ali kale m'kati mwa Egypt. Anasiya ufumu kwa ana ake awiri pamodzi, Constantine wa kwa Eudokia ndi Heraklonas wa kwa Martina. Constantine anafa patapita miyezi itatu, ndipo anthu ananena kuti Martina anamdyetsa mankhwala. Caka cisanathe Martina anadulidwa lilime, Heraklonas anadulidwa mphuno, ndipo onse awiri anapitikitsidwira ku cisumbu ca Rhodes. Mdzukulu wa Heraclius, Constans II, mwana wa zaka 11, ndiye anakhala pa mpando, ndipo mu September 642 asilikari otsiriza a Aroma anakwera zombo nacoka ku Alexandria.